Kulembetsa mwana wobadwira ku Joni: dzina la mayi, dzina la bambo, ndi zoti muchite masiku 30 asanathe

Mwana wathu woyamba atabadwa kuno ku Johannesburg, tinataya masiku 19 tikudikira dzina. Udindo wotcha mwanayo unali wa apongozi anga ku Ntcheu, ndipo iwo sankaona chothamangira. Poyamba anati mchombo ugwe kaye. Utagwa, foni yawo inatha moto. Itayaka, anati akufuna afunse kaye alongo awo. Ife kuno tinkangoti bebi, bebi. Tsiku lina achimwene ena a ku Mayfair, amene akhala kuno zaka zambiri, anandifunsa ngati mwanayo tamulembetsa. Ndinawayankha monyadira kuti khadi la kusikelo tili nalo. Anandiyang'ana ngati ndalankhula zamutulo.

Khadi la kusikelo, lomwe kuno amati Road to Health Booklet, si satifiketi ya kubadwa. Limaonetsa katemera ndi kulemera kwa mwana basi. Satifiketi imaperekedwa ndi Home Affairs, unduna wa kuno woona za kalembera wa anthu, pansi pa lamulo la 1992 lotchedwa Births and Deaths Registration Act, ndipo lamulolo limati mwana aliyense wobadwira mu South Africa alembetsedwe pasanathe masiku 30. Silinena kuti mwana wa nzika yekha. Ndipo kuyambira mu Malichi 2013, satifiketi ya khanda imakhala ndi maina a makolo, osati la mwana lokha monga zinalili pa yachidule yakale ija. Ndiye funso loti pakhale dzina la ndani, lolembedwa bwanji, si laling'ono. Zimene zalembedwa tsiku loyambalo zimamutsata mwana kusukulu, pamalire a dziko, mpaka tsiku lomwe adzafune chitupa chakechake.

Yambani mimba isanakhwime

Ntchitoyi imayambira kusikelo ya amayi oyembekezera. Dzina lomwe mayi apereka tsiku loyamba kukiliniki ndilo limalowa pa khadi, khadilo n'kupita nalo kuchipatala, a chipatala n'kulikopera pa pepala la umboni wa kubadwa, Home Affairs n'kuliyerekeza ndi pasipoti. Pakasiyana chilembo chimodzi, mwabwezedwa.

Choncho achemwali, perekani dzina lomwe lili m'pasipoti mwanu, monga lalembedwera, ngakhale simulikonda. Ngati pasipoti ili m'dzina la kwanu, musalembetse la amuna anu chifukwa choti kutchalitchi amakutchulani Mayi Uje. Musalembetse Nabanda kapena Naphiri ngati m'pasipoti muli Banda kapena Phiri. Bwino kungomupatsa nesi pasipotiyo akopere yekha, inu n'kuwerenga zomwe walemba.

Pali china choti ndichinene mosabisa, chifukwa chikuchitika. Ena, poopa mafunso kapena ndalama zakuchipatala, amabwereka ID ya mnzawo wa kuno n'kukachira m'dzina lake. Ena amapempha neba amene ndi nzika kuti alembedwe ngati bambo, mwana apeze nambala ya ID. Pa tsikulo zimaoneka ngati nzeru. Koma pamaso pa boma, mwanayo ndi wa mwini ID uja. Tsiku lomwe mudzafune kupita naye kumudzi, mudzakhala mukutulutsa m'dziko mwana wa munthu wina. Mnzanu uja akasamuka, akamwalira, kapena mukangokangana, mulibe pepala lililonse loonetsa kuti mwana munabereka ndinu. Komanso kupereka uthenga wabodza pa fomu ya kubadwa ndi mlandu pa lamulo lomweli. Kukonza zoterezi kumafuna DNA, maloya, ndipo nthawi zambiri khoti.

M'miyezi yomweyi itanitsani satifiketi ya ukwati ngati inatsala kumudzi. Wa basi kapena wa thiransipoti amene mumatumizira katundu angabwere nayo. Ndipo auzeni agogo msanga kuti kuno kuli malire a masiku, dzina alikonzeretu, la mwamuna ndi la mkazi.

Musatuluke m'chipatala chimanjamanja

Kaya mwachirira ku Rahima Moosa ku Coronationville, ku Charlotte Maxeke ku Parktown, ku Bara ku Soweto, ku Hillbrow, ku Edenvale kapena ku South Rand, pali pepala limodzi lomwe muyenera kutuluka nalo: umboni wa kubadwa, fomu ya DHA-24/PB. Amalemba ndi kusayina ndi dokotala kapena nesi, ndipo pamakhala chidindo cha chipatala. Likunena kuti mayi uyu anabereka mwana wamwamuna kapena wamkazi tsiku lakuti pamalo akuti. Popanda limeneli kalaliki wa Home Affairs alibe poyambira.

Liwerengeni muli pomwepo. Mayi amene wangochira kumene sakhala ndi mphamvu zowerenga mapepala, ndiye iyi ndi ntchito ya bambo kapena wodikirira. Onani dzina, nambala ya pasipoti, tsiku. Mwana akabadwa pakati pa usiku onetsetsani kuti deti ndi lolondola. Kukonzetsa muli m'wodi n'kwa mphindi zochepa. Kubwerera patapita milungu kumafuna kusakasaka faelo ndi kudikira nesi yemwe uja akhale pa ntchito.

Zipatala zikuluzikulu zambiri zili ndi kaofesi ka Home Affairs mkati momwemo. Funsani. Ngati mmodzi wa makolo ndi nzika ya kuno, kawirikawiri zonse zimathera pomwepo. Makolo onse akakhala akunja, ena amathandizidwa pomwepo, ena amatumizidwa ku ofesi ya kunja.

Mwana akabadwira kunyumba kapena m'teksi, pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo kuti amuone ndi kulemba. Padzafunikanso afidaviti, kalata yolumbira, ya munthu amene anaona mwanayo akubadwa.

Zonyamula popita ku Home Affairs

Maofesi alipo angapo: pa Harrison Street m'tauni, ku Randburg, ku Roodepoort, ku Soweto ndi kwina. Sankhani yoyandikana ndi kumene mwana anabadwira. Lawirirani m'mamawa, nyamulani thewera lapadera ndi chakudya, chifukwa netiweki ikagwa mutha kuswera pomwepo.

Tengani pepala la umboni wa kubadwa lija, khadi la kusikelo, mapasipoti a makolo onse awiri pamodzi ndi pemiti kapena viza yomwe ilimo, ndi satifiketi ya ukwati ngati ilipo. Amene ali ndi pepala la asayilamu kapena la othawa kwawo atenge limenelo. Kholo lomwe ndi nzika ya kuno litenge ID. Ngati kholo lina linamwalira, satifiketi ya imfa. Chilichonse chikhale ndi fotokope yodinditsa; kupolisi amadinda ulere, bola muonetse chenichenicho. Tenganinso bolopeni yakuda.

Fomu yomwe mudzaze ndi DHA-24. Simugula, amapereka pomwepo. Kulembetsa m'masiku 30 n'kwaulere ndipo satifiketi yoyamba n'njaulere. Munthu woima pageti amene akuti mumupatse ya drinki kuti akulowetseni msanga si wa boma.

Langizo langa lalikulu pa gawo lino ndi lakuti mupite nonse awiri, mayi ndi bambo, ndi mwana yemwe. Bambo, ndikudziwa kuti kujomba tsiku limodzi pa ganyu kapena kwa abwana n'kutaya ndalama ya lendi. Jombani ndithu. Tsiku limodzi limeneli limapulumutsa miyezi.

Malo a mayi ndi malo a bambo pa fomu

Apa m'pamene pagona nkhani. Kwathu kwa ife a chikamwini, mwana ndi wa kuchikazi. Mwini mbumba ndi malume, ndipo pa zinthu zambiri bambo amafunsa kaye. Anzathu a kumpoto ndi ku Lower Shire amene amalowola amaona mwina. Fomu ya kuno sidziwa zonsezo. Ilibe malo a malume, ilibe malo a ankhoswe. Ili ndi malo awiri, a mayi ndi a bambo, kenako funso: kodi makolowa ndi okwatirana, ndipo ukwati wake ndi wa mtundu wanji, wa kuboma, wa mwambo, wa chipembedzo kapena wa civil union?

Mayi ndi amene anabereka. Apa palibe mkangano, dzina limachokera pa pepala la kuchipatala lija.

Bambo ndiye zimatengera.

Ngati ndinu okwatirana ndipo satifiketi ya ukwati muli nayo, lamulo limatenga mwamunayo kukhala bambo wa mwana, ndipo mmodzi wa inu akhoza kukalembetsa. Mwana angatenge dzina la bambo, la mayi, kapena onse awiri olumikiza. Ambiri sadziwa zimenezi. Amaganiza kuti m'banja mwana ayenera kutenga la bambo basi. Lamulo limapereka njira zitatuzo, kusankha n'kwanu.

Ngati munachita chinkhoswe chokha, kapena munadalitsa kumzikiti kapena kutchalitchi koma pepala mulibe, ukwati wanu ndi ukwati ndithu, ndipo South Africa nayonso imavomereza maukwati a mwambo pansi pa lamulo la 1998. Koma kalaliki sanadye nawo nkhuku ya chinkhoswe chanu. Iye amafuna pepala. Fotokozani momwe zilili, ndipo bambo akhalepo kuti asayine gawo lovomereza kuti mwana ndi wawo. Akatero dzina lawo limalowa.

Ngati simunakwatirane, gawo lomweli ndilo khomo la bambo. Bambo amalemba dzina lake, amasayina pamaso pa wogwira ntchitoyo kuvomereza mwana. Mayi sangangolemba dzina la mwamuna amene palibe, ngakhale dziko lonse likudziwa kuti mimba inali yake. Bambo akakana kubwera, kapena anathawira ku Cape Town mimba ili ndi miyezi itatu, musadikire. Lembetsani mwana m'dzina lanu, malo a bambo akhale opanda kanthu. Dzina la bambo likhoza kulowa pambuyo pake. Masiku 30 akapita sabwerera. Ndipo musaope kuti mwataya chithandizo. Udindo wa bambo wosamala mwana suchokera pa satifiketi. Mukhoza kukamusumira ku khoti la maintenance lomwe limakhala ku bwalo la majisitireti, ndipo akakana mwana khoti likhoza kulamula kuti ayezedwe.

Nanga mayi akasowa, bambo n'kutsala ndi khanda m'manja? Kale izi zinali zowawa. Gawo 10 la lamulo la 1992 lija linkachititsa kuti bambo wosakwatira asathe kulembetsa mwana m'dzina lake popanda mayi kupezeka kapena kuvomera. Mayi akamwalira, akathawa, kapena akakhala wopanda mapepala, mwana ankangokhala osalembedwa. Bungwe la Centre for Child Law la ku yunivesite ya Pretoria linatengera nkhaniyi ku Constitutional Court, khoti lalikulu lija lili pa Constitution Hill ku Braamfontein, ndipo pa 22 Seputembala 2021 khotilo linagamula kuti gawo 10 likusemphana ndi malamulo aakulu a dziko chifukwa limasala abambo osakwatira ndi ana awo. Mkulu wa majaji pa nthawiyo, a Mogoeng Mogoeng, sanagwirizane nazo, koma ambiri ndiwo anapambana. Lero bambo wosakwatira ali ndi ufulu wolembetsa mwana wake ndi kumupatsa dzina lake. Konzekerani kufunsidwa umboni, monga afidaviti yofotokoza kumene kuli mayi, satifiketi ya imfa ngati anamwalira, ndiponso DNA.

Za DNA ndinenepo pang'ono. Makolo akakhala osakwatirana ndipo mmodzi ndi wakunja, makamaka pamene dzina la bambo ndilo lipatse mwana unzika wa South Africa, Home Affairs imakonda kufuna kuti bambo ndi mwana ayezedwe. Amakutumizani ku National Health Laboratory Service, ndipo ndalama mumalipira nokha. Musathamangire kukayezetsa kwina musanafunse komwe iwo akuvomereza, mungalipire kawiri. Sikuti akukunyozani inu panokha; n'chifukwa cha aneba obwereka aja.

Pali nkhani ina yomwe sitikonda kuikamba poyera. Mayi ali pabanja lovomerezeka ndi mwamuna amene ali kumudzi, anasiyana kalekale koma ukwati sunathetsedwe, ndipo kuno wabereka ndi wina. Lamulo limayamba ndi kuganiza kuti mwamuna wa ukwatiyo ndiye bambo, mpaka pataoneka umboni wotsutsa. Musalembe mwamuna wakumudziyo pofuna kuphimba manyazi, ndipo musabise ukwatiwo ngati akufunsani. Nenani zoona, bambo weniweni akhalepo, ndipo mukaona kuti zikuvuta kaonaneni ndi loya musanasayine kanthu.

Bambo womupeza, ngakhale akhale wabwino chotani, salembedwa pa malo a bambo chifukwa choti ndiye akugula mkaka. Njira yake ndi ya kutenga mwana mwalamulo kudzera ku khoti la ana ndi a zachisamaliro cha anthu. Chimodzimodzi azakhali kapena agogo amene akulera mwana wa m'bale wawo: sangalembedwe ngati mayi.

Mudzaonanso pa fomu mawu oti Parent A ndi Parent B pambali pa mayi ndi bambo. Musadabwe, ndipo musaganize kuti mwapatsidwa fomu yolakwika. South Africa inavomereza maukwati a amuna okhaokha kapena akazi okhaokha ndi lamulo la Civil Union la 2006, ndipo mabanja otere nawo amalembetsa ana pa fomu yomweyi. Inu dzazani malo anu monga mayi kapena bambo.

Musanasayine, dziwani kulemera kwa dzina la bambo pa pepalali, chifukwa kuli mbali ziwiri. Lamulo la ana la 2005, Children's Act, limapatsa mayi ufulu ndi udindo wonse pa mwana. Bambo wokwatira amakhala nawonso. Bambo wosakwatira amaupeza ngati ankakhala ndi mayiyo monga banja pa nthawi yomwe mwana amabadwa, kapena ngati wavomera kudziwika kuti ndi bambo kapenanso walipira chindapusa cha mimba mwa mwambo, chomwe Azulu amati inhlawulo, ndipo wakhala akuthandiza kulera ndi kusamala mwanayo. Bambo wotere ali ndi mawu pa zinthu zikuluzikulu: kutengera mwana pasipoti ndi kutuluka naye m'dziko. Ndiye amayi ena amati bola kungosiya osalemba, asadzandivutitse. Ndimawamvetsa, makamaka amene anathawa nkhanza. Koma ngati bamboyo ndi nzika ya South Africa, kusiya dzina lake n'kumumana mwana unzika ndi nambala ya ID. Ngati ndi Mmalawi mnzathu, n'kumuchepetsera mwana umboni tsiku lomwe kudzakhale nkhani ya chuma chamasiye. Ine ndimati pamene bambo ndi wodziwika ndipo palibe choopsa, alembedwe.

Werengani musanachoke pa kauntala

Apa m'pamene ine ndinagwa. Dzina linabwera kuchokera ku Ntcheu tsiku la 19, tinapita ku ofesi tsiku la 26, tinaima pamzere kuyambira kusanache, ndipo pepala litatuluka ndinangolipinda n'kuliika m'thumba la jekete chifukwa mwana ankalira ndipo mayi ake anali atatopa. Ndinadzaliwerenga madzulo kunyumba. Dzina lathu lili ndi r, analemba l. Kwa ife Chirwa ndi Chilwa ndi munthu mmodzi, lilime lathu silisiyanitsa kwenikweni. Kwa kompyuta ndi anthu awiri osadziwana. Kukonzetsa kachilembo kameneko kunandidyera maulendo anayi ndi miyezi ingapo.

Imani pambali, tulutsani mapasipoti, yerekezani chilembo ndi chilembo. Maina okhala ndi kachizindikiro ngati Ng'oma, maina oyamba ndi Mph, Nkh, Mkw, amalakwika kawirikawiri. Onani kuti dzina loyamba silinasinthane malo ndi la makolo, onani tsiku lobadwa la mwana, onani dziko la makolo kuti alemba Malawi, onani manambala a mapasipoti. Mukapeza cholakwika bwererani pa kauntala pomwepo mwaulemu, ngakhale a pambuyo panu ang'ung'udze.

Satifiketi yomwe mulandire imatengera makolo. Ngati mmodzi ndi nzika ya South Africa, mwana ndi nzika ndipo amalandira nambala ya ID ya manambala 13, yoyamba ndi chaka, mwezi ndi tsiku lake lobadwa. Ngati nonse ndinu Amalawi okhala ndi pemiti kapena viza ya kanthawi, mwana amalandira satifiketi yopanda nambala ya ID, kawirikawiri yolembedwa pamanja. Ena akaiona amakhumudwa n'kumati atipatsa yabodza. Si yabodza. Kungoti kubadwira ku Joni sikupangitsa mwana kukhala nzika ya kuno. Unzika umatsata magazi a kholo.

Musaipeputse yolembedwa pamanjayo. Lamulo la unzika la 1995, monga linasinthidwira kuyambira mu Januwale 2013, limati mwana wobadwira kuno kwa makolo akunja akhoza kupempha unzika akakwanitsa zaka 18, ngati wakhala m'dziko muno kuyambira pobadwa ndipo kubadwa kwake kunalembetsedwa. Khoti la Supreme Court of Appeal linatsimikiza ufulu umenewu mu 2018 pa mlandu wa Ali. Mawu oti kunalembetsedwa ndiwo mfungulo. Kapepala kamene mukukaona konyozeka leroka n'kamene mwana adzaimirepo.

Ngati madeti anatha kapena mapepala palibe

Tisanamizane, ambiri a ife tinalowa ndi masiku 30 a pa Beitbridge ndipo anatha kalekale. Malamulo a kalembera a 2014 ankafuna pasipoti ndi viza zogwira ntchito, ndipo makolo ambiri ankabwezedwa pa chifukwa chimenechi. Mu 2018, pa mlandu wa Naki ku khoti la High Court ku Grahamstown, nkhani inali ya bambo wa kuno ndi mayi wa ku DRC amene viza yake inatha. Khoti linagamula kuti mwana asakanizidwe kulembetsedwa chifukwa cha mapepala a kholo. Gawo 28 la malamulo aakulu a dziko lino limatinso mwana aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi dzina ndi dziko kuyambira pobadwa.

Zimenezo n'zolembedwa. Pa kauntala si onse amene amazitsata, ndipo mantha a Lindela, kumene amatsekera anthu oti abwezedwe kwawo, si ongopeka. Ndiye musangopita nokha mwachimbulimbuli, komanso musangokhala pakhomo masiku n'kumatha. Yambirani kwa anthu odziwa malamulo amene amathandiza ulere: Lawyers for Human Rights ali ndi ofesi ku Braamfontein, Legal Aid South Africa iliponso, ndiponso kiliniki ya zamalamulo ya ku Wits. Akhoza kukulemberani kalata yopita nayo. Mukabwezedwa, lembani tsiku, ofesi ndi chifukwa chomwe anena, ndipo pemphani kuti akulembereni chifukwacho. Zimenezi zimadzaonetsa kuti munayesa masiku 30 asanathe.

Pasipoti ngakhale yotha ntchito itengeni, pamodzi ndi chitupa cha unzika cha kwathu. Zimathandiza kuonetsa kuti ndinu ndani.

Masiku 30 akadutsa, kapena dzina la bambo likafunika pambuyo

Mwana amalembetsedwabe, koma tsopano ndi late registration of birth, kulembetsa mochedwa. Fomu ndi ina, pamafunika afidaviti yofotokoza chifukwa chochedwera, ndipo mwana akamakula umboni wofunika umachuluka: makalata a kusukulu, a kutchalitchi, a kukiliniki, ndi kufunsidwa mafunso pamaso pa komiti. Zimatenga miyezi, nthawi zina kupitirira chaka. Ngati muli ndi mwana wa zaka zisanu amene ali ndi khadi la kusikelo lokha, yambani sabata ino. Bwererani kuchipatala komwe anabadwira mukapemphe umboni wa kubadwa kuchokera m'kaundula wawo. Podikira, mwana apite kusukulu. Mu Disembala 2019 khoti la High Court ku Makhanda linagamula kuti sukulu za boma zisakane ana chifukwa chosowa mapepala.

Kuwonjezera dzina la bambo pa satifiketi yomwe inatuluka kale kumatheka pansi pa gawo 11 la lamulo la 1992. Mayi ndi bambo amapita limodzi, bambo amavomereza mwana molumbira, mayi amavomera, ndipo akhoza kufuna DNA. Mayi akakana, bambo ali ndi njira ya kukhoti. Makolo akadzakwatirana mwana atabadwa kale, akhoza kupempha kuti kalembera asinthidwe akhale ngati wa mwana wobadwira m'banja. Kuchotsa dzina la mwamuna amene analembedwa molakwika ndiko kovuta kuposa zonse, kumafuna umboni wosatsutsika woti si bambo.

Mbali ya kwathu, ndi ulendo wa kumudzi

Satifiketi ya kuno ikatuluka, ntchito yatha theka. Mwana wa Mmalawi wobadwira kunja amatenga unzika wa Malawi kudzera mwa bambo kapena mayi amene ndi mbadwa ya Malawi, koma ayenera kukhala ndi mapepala ake. Pitani ku ofesi ya konsulo wa Malawi kuno ku Johannesburg kapena kwa kazembe ku Pretoria ndi satifiketi ija, mapasipoti anu ndi zitupa zanu za unzika, mukayambe za pasipoti ya mwana kapena chikalata choyendera mwadzidzidzi ngati ulendo wafulumira. Mukafika kumudzi kaonekereni ku ofesi ya National Registration Bureau kwa DC kuti mwana alowe m'kaundula wa kwathu. Akadzakwana zaka 16 adzafuna chitupa. Kwa ana a kholo limodzi Mmalawi lina la kuno, Nyumba ya Malamulo inavomereza mu Disembala 2018 kuti munthu akhoza kukhala nzika ya mayiko awiri.

Basi yochokera pa Park Station imadutsa Beitbridge, Nyamapanda, Tete, n'kukalowa pa Mwanza kapena pa Dedza, ndipo paliponse wina akhoza kufunsa kuti mwanayu ndi wa ndani. Kuyambira pa 1 Juni 2015 South Africa inakhwimitsa za kuyenda ndi ana. Mu 2019 inafewetsako kwa ana akunja oyenda ndi makolo, koma mwana amene ndi nzika ya kuno akamatuluka ndi kholo limodzi amafunikabe chilolezo cholembedwa cha kholo linalo ngati dzina lake lili pa satifiketi. Ngati pali dzina la mayi lokha, satifiketiyo ndiyo umboni woti palibe wina womupempha. Mwana wanu akhale wa dziko liti, nyamulani satifiketi, kalata ya kholo lomwe latsala yodinditsa kupolisi, ndi fotokope ya pasipoti yake.

Satifiketi yeniyeni isungeni m'kapulasitiki, osaipinda ngati momwe ndinachitira ine. Ijambuleni pa foni, mutumize chithunzicho kwa m'bale amene mumamukhulupirira. Moto wa pa nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Ogasiti 2023 unapha anthu oposa 70, ena mwa iwo Amalawi anzathu, ndipo ambiri opulumuka anatuluka ndi zovala za m'thupi zokha. M'mikukhu ya ku Diepsloot ndi ku Alexandra moto umabuka nyengo yozizira iliyonse, ndipo yolembedwa pamanja ija kupeza ina n'kovuta kuposa ya pa kompyuta. Ife tinadinditsa mafotokope atatu. Imodzi ili kuntchito, ina kwa achimwene a ku Mayfair aja, ndipo yachitatu inakwera basi kupita ku Ntcheu, komwe apongozi anga anaiika m'chitini momwe amasungamo makuponi ndi makadi a kutchalitchi.